Laputopu yakale ikutentha mukamaonera vidiyo pa Linux ya beta? Chitani izi

Mwaika sisitimu ya Linux ya beta (imene ikadayesedwa, yeniyeni isanatuluke) pa laputopu yanu yakale, mwatsegula YouTube, kenako kafani kayamba kulira, vidiyo ikudukizadukiza, pansi pake kutentha moti simungaiike pamiyendo. Musathamangire kunena kuti makina atha. Kawirikawiri ndi CPU, ubongo wa makinawo, imene ikusenza yokha ntchito yomasula vidiyo pomwe mu GPU, chipu cha zithunzi, muli kagawo kopangidwira zimenezo basi, kangokhala chete.

Poyamba onani ngati kagawoko kakugwira. Ngati chipu chanu ndi cha Intel, ikani timapulogalamu ta vainfo ndi intel-gpu-tools, tsegulani vidiyo, pa teminolo lembani sudo intel_gpu_top. Pali mzere olembedwa Video. Ukangokhala pa 0 vidiyo ikusewera ndiye kuti CPU ikuvutika yokha.

Kenako lembani vainfo. Ikuonetsani mitundu ya vidiyo imene chipu chanu chimadziwa, ndipo apa ndi pamene ambiri timasochera, timalimbana ndi masetingi usiku onse pomwe chipucho mtundu umenewo sichinaphunzirepo ndi kale. H.264 pafupifupi ma Intel onse a 2011 kubwera kuno amaitha. VP9 inayamba kugwira mokwanira pa Kaby Lake, m'badwo wa 7. AV1 ndi Tiger Lake ya 2020, m'badwo wa 11. Ndiye ngati muli ndi i5 ya m'badwo wa 4 ngati yangayi, YouTube ikakupatsani VP9 palibe draiva angakupulumutseni.

Ikabweretsa error m'malo mwa mndandanda, vuto ndi draiva. A Intel alipo awiri. Broadwell (m'badwo wa 5) ndi zatsopano zimafuna intel-media-va-driver, zakale kuposa pamenepo zimafuna i965-va-driver, awa ndi mayina a pa Ubuntu ndi Debian. Ikasankha olakwika yesani LIBVA_DRIVER_NAME=i965 vainfo muone. A AMD pa Fedora dziwani kuti kuyambira Fedora 37 H.264 anaichotsa mu Mesa, gulu la madraiva a GPU, chifukwa cha nkhani za ma patent, mukatenge mesa-va-drivers-freeworld ku nkhokwe ya mapulogalamu ya RPM Fusion.

Tsopano pa YouTube dinani kumanja pa vidiyo musankhe Stats for nerds, yang'anani pa Codecs. Mukaona vp09 (VP9) kapena av01 (AV1) pa makina akale, ikani mu brauza kowonjezera kotchedwa h264ify, mutsegulenso tsambalo, pakhale avc1, yomwe ndi H.264 ija. Mungotsala ndi 1080p kutsika, 4K iwalani, koma pa sikirini ya 1366x768 mukutaya chani? Yanga itangosintha chonchi kafani kanakhala chete mpaka ndinaika khutu pafupi kuti ndimve ngati kakuzungulirabe.

Mzere wa Video ukadali pa 0? Yesani kaye fayilo ya vidiyo ndi pulogalamu yoonera vidiyo ya mpv, mpv --hwdec=auto. Ikagwira pamenepo ndiye draiva ali bwino, wavuta ndi brauza. Pa Firefox lowani about:support mufufuze HARDWARE_VIDEO_DECODING, ngati yatsekedwa pitani about:config muyatse media.hardware-video-decoding.force-enabled ndikuyambitsanso Firefox. Pa Chrome ndi chrome://gpu.

Za beta zija, kernel (mtima wa sisitimu) ndi Mesa zimasintha pafupipafupi, zogwira lero mawa zitha kusiya. Sungani zomwe vainfo yaonetsa mu kafayilo zinthu zili bwino, ndipo kernel yakale musaifufute, ikavuta mulowera pa Advanced options mu GRUB, menyu imene imabwera makina akamayaka. Yakale ikagwira yatsopano ikakana, chonde tumizani lipoti kwa opanga sisitimuyo pamodzi ndi kafayilo kaja, poti oyesera pa makina a 2013 ndi ochepa ndipo mukakhala chete sisitimu yeniyeni ituluka nalo vutolo.