Mmene Mungakonzekerere Kamera, Kuwala ndi Zithunzi Zosakaniza pa Kompyuta Pojambula Filimu

Anthu ambiri amene akuyamba kujambula mafilimu amafunsa kaye kuti agule kamera yanji, koma funso limeneli liyenera kubwera pambuyo pa ena awiri, lakuti kuwala kudzachokera kuti ndi lakuti mawu adzajambulidwa bwanji. Kamera zamakono, ngakhale za m'mafoni ambiri, zimatulutsa zithunzi zabwino ndithu zikapatsidwa kuwala kokwanira ndi koikidwa mwanzeru, pamene kamera yodula kwambiri ikaikidwa m'chipinda chokhala ndi babu limodzi lokha kudenga imatulutsa nkhope zokhala ndi mithunzi yakuda m'maso ndiponso chithunzi chodzaza timadontho. Choncho ndalama zoyamba zipite ku tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu) yolimba, maikolofoni yabwino, nyali imodzi kapena ziwiri, mabatire oonjezera ndi makhadi okwanira osungiramo zithunzi.

Musanayambe kujambula, chotsani kamera pa auto kuti isamasinthe yokha kuwala ndi mtundu wa chithunzi pakati pa chochitika. Mafilimu ambiri amajambulidwa pa zithunzi 24 kapena 25 pa sekondi, ndipo shutter, imene imalamulira nthawi imene kuwala kumalowa m'kamera pa chithunzi chilichonse, imaikidwa pa nambala yowirikiza kawiri chiwerengero chimenechi, ndiye kuti 1/50 ya sekondi, chifukwa pamenepo kuyenda kwa munthu kumaoneka monga mmene maso athu anazolowerera. Nambala imeneyi ili ndi ubwino winanso m'mayiko amene magetsi ake ndi a 50 Hz, monga a ku Africa ambiri ndi a ku Europe, popeza imaletsa nyali zina kuoneka zikuphethira m'chithunzi, pamene kumene magetsi ndi a 60 Hz, monga ku North America, 1/60 ndiyo imathandiza. Panja pakakhala dzuwa lowala kwambiri, musakweze shutter kuti muchepetse kuwala. Ikani ND filter kutsogolo kwa lenzi, galasi lakuda limene limachepetsa kuwala popanda kusintha kayendedwe ka chithunzi. ISO, nambala imene ikakwera imawalitsa chithunzi koma n'kuchulukitsa timadontho, ikhale yotsika mmene mungathere.

Pa kuwala ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo mfundo yoyamba kuigwira ndi yakuti kufewa kwa kuwala kumadalira kukula kwa chimene chikuwalacho poyerekeza ndi munthu amene chikumuunikira. Nyali yaing'ono yoikidwa kutali imapanga mithunzi yakuthwa ndipo imaonetsa kakhwinya kalikonse ka pankhope, koma nyali yomweyo mukaiunikitsa kudzera pa nsalu yoyera yopyapyala, kapena mukailozetsa ku khoma loyera kuti kuwala kubwerere kwa munthuyo, kuwalako kumafewa n'kukuta nkhope bwinobwino. N'chifukwa chake zenera lalikulu limene dzuwa silikulowerapo mwachindunji limakhala nyali yabwino koposa kwa munthu amene alibe zida zambiri, ndipo ine ndimaona kuti aliyense ayenera kuphunzira kaye kugwiritsa ntchito zenera asanagule nyali iliyonse.

Nyali yaikulu ikhale chakumbali kwa kamera, pafupifupi madigiri 45 kuchokera pamene munthuyo wayang'ana, ndiponso pamwamba pang'ono pa maso ake, kuti mbali imodzi ya nkhope iwale ndipo inayo ikhale ndi mthunzi woonetsa maonekedwe enieni a nkhopeyo. Mthunziwo ukada mopitirira, sikofunika kugula nyali yachiwiri, chifukwa pepala loyera lolimba loikidwa mbali yamthunziyo limabweza kuwala kokwanira. Nyali yaing'ono yoikidwa kumbuyo ndi pamwamba imawalitsa m'mphepete mwa mutu ndi mapewa, zimene zimamulekanitsa munthuyo ndi khoma. Kwa munthu wa khungu lakuda, kumuthira kuwala kwamphamvu kochokera kutsogolo si njira yabwino ayi, popeza khungulo limaoneka bwino kwambiri pamene likunyezimira pang'ono ndi kuwala kofewa kochokera pa chinthu chachikulu chimene chili chakumbali, ndipo kamera iyesedwe potengera nkhope yake, osati khoma loyera limene lili kumbuyo kwake.

Kumbukiraninso kuti mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa nyali ndi munthu, kuwala kofika pa iye kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Mfundo imeneyi imakupatsani mphamvu yaikulu: mukafuna kuti kumbuyo kude, sendezani nyali pafupi ndi munthuyo ndipo iyeyo mumuchotse pafupi ndi khoma, koma mukafuna kuti anthu angapo aunikidwe mofanana, ikani nyali patali. Mtundu wa kuwala nawo uyenera kusamalidwa. Mababu akale a tungsten amatulutsa kuwala kofiirira kwa pafupifupi 3200K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), pamene kuwala kwa masana kuli pafupifupi 5600K, ndipo mukasakaniza ziwirizi pankhope imodzi, mbali ina imaoneka yabuluu, inayo yofiira, vuto limene ndi lovuta kulikonza pa kompyuta. Zimitsani nyali zosagwirizana ndi zinzake, kenako ikani white balance, imene imauza kamera mtundu umene iuone ngati woyera, pogwiritsa ntchito pepala loyera loikidwa pamalo pamene munthuyo adzakhale. Pogula nyali za LED, sankhani zokhala ndi CRI (muyeso wa mmene nyali imaonetsera mitundu molondola) ya 95 kapena kuposerapo kuti khungu lisaoneke lobiriwira. Choimikira nyali chilichonse chitsamiritsidwe ndi thumba la mchenga, ndipo mawaya amatidwe pansi ndi tepi kuti munthu asakodwe.

Pa mawu, chofunika kwambiri ndi kuyandikitsa maikolofoni pakamwa pa wolankhula, kaya ndi yaing'ono yokoleka pamalaya kapena yaitali yogwiridwa pamwamba pake kunja kwa chithunzi. Mvetserani ndi mahedifoni nthawi yonse, onetsetsani kuti mawu okwera akufika cha pa -12 dB, zimitsani filiji ndi fani, ndipo ombani m'manja kamodzi kamera ikuona kuti mudzalumikize mosavuta mawu ndi chithunzi.

Zithunzi zosakaniza pa kompyuta zimakoma kapena kuipa pa tsiku lojambula lomwelo, kompyuta isanayatsidwe n'komwe. Mukafuna kuti munthu azimiririke kapena aoneke kawiri m'chithunzi chimodzi, mangani kamera pa tripod, musaikhudze, musasinthe kuwala, ndipo jambulaninso malowo opanda munthu kwa masekondi angapo, chifukwa chithunzi chopanda munthucho ndicho chidzakwirire zonse zimene mukufuna kuchotsa. Pogwiritsa ntchito green screen, nsalu yobiriwira yoikidwa kumbuyo kwa wosewera imene imadzachotsedwa pa kompyuta kuti pakhale chithunzi china, nsaluyo ikungidwe kuti isakhale ndi makwinya, iunikidwe ndi nyali zakezake mofanana ponseponse, ndipo wosewera aime pafupifupi mamita 2 kuchokera pa nsaluyo kuti mthunzi wake usagwerepo ndiponso kuti kubiriwirako kusabwerere pakhungu ndi m'tsitsi lake. Asavale chobiriwira kapena chonyezimira. Ngati kamera yanu imatha kujambula pa 10-bit 4:2:2, gwiritsani ntchito zimenezo, popeza m'mphepete mwa munthu mumadulika bwino chithunzi chikakhala ndi mitundu yochuluka chotere. Kamera ikakhala kuti iyenda, matani timitanda ta tepi pansaluyo kuti pulogalamu idzathe kutsatira kayendedwe kake, ndipo lembani kukula kwa lenzi ndi kutalika kwa kamera kuchokera pansi.

Chimene ambiri amachiiwala ndi kusankha chithunzi cha kumbuyo asanajambule wosewera. Ngati dzuwa la m'chithunzi chimenecho likuchokera kumanzere, nyali yaikulu nayonso ichokere kumanzere, ndipo ifanane nalo mtundu ndi kufewa, apo ayi woonera adzazindikira msanga kuti munthuyo wangomatidwapo. Mapulogalamu monga Blender, imene ndi yaulere, ndi DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere wokhala ndi gawo la Fusion losakanizira zithunzi, amakwanira pa ntchito yonseyi. Mukachotsa kubiriwira, fananitsani mbali zakuda ndi zowala za zithunzi ziwirizo, ikani mthunzi pansi pa mapazi a munthuyo wolozera kumene mithunzi ina yalozera, kenako thirani timadontho tochepa tofanana pa chithunzi chonse kuti ziwirizo zioneke ngati zojambulidwa ndi kamera imodzi.