Kukakhala bris panyumba pamene mukulera mwana ku Joni

Amayi anzanga amene mukulera ana kapena kugwira ntchito zam'nyumba ku Glenhazel, Sydenham, Sandringham ndi madera ena a Johannesburg kumene kuli Ayuda ambiri, nkhaniyi ndalembera inu. Madamu akachira mwana wamwamuna, dziwani kuti pakutha pa mlungu umodzi padzakhala mwambo wa mdulidwe. Eni ake amati bris, ena amati brit milah. Ine ndalera makanda m'mabanja otere kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti palibe amene amakhala nawe pansi kukufotokozera. Onse amakhala ali pikitipikiti, akuganiza kuti ukudziwa kale. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, choncho zimene ndifotokoze ndi za Ayuda ochokera ku Ulaya, otchedwa Ashkenazi. Mabanja ena amasiyanako pang'ono.

Yambani ndi kuwerenga masiku, chifukwa ntchito yonse ya mlungu umenewo yagona pamenepo. Lamulo lili pa Genesis 17:12 ndi pa Levitiko 12:3: mwana adulidwe pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Tsiku lobadwa ndiye loyamba, ndiye wobadwa Lachiwiri masana amadulidwa Lachiwiri la mlungu wotsatira. Koma kwa Ayuda tsiku limayamba dzuwa likalowa. Mwana akabadwa Lachiwiri kutada, ameneyo ndi wa Lachitatu. Tsikuli salisuntha chifukwa choti agogo sanafike kapena abwana ali ndi msonkhano ku ofesi. Ngakhale litagwera pa Sabata yawo (kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo) kapena pa Yom Kippur, tsiku lawo lalikulu losala kudya, mwambo umachitika. Koma wobadwa pa opareshoni sadulidwa pa Sabata, amadikira tsiku lotsatira.

Chimene chimaimitsa zonse ndi thanzi la mwana, ndipo apa maso anu ndi ofunika kuposa a wina aliyense, poti amene mumamusintha thewera usiku ndinu. Wodula, amene amamutcha mohel, amabwera kudzamuona mwana tsiku lisanafike. Chimene amayang'ana kwambiri ndi chikasu. Mukaona maso kapena khungu la mwana likuchita chikasu, kapena akuyamwa mofooka, kapena thupi latentha, nenani msanga kwa mayi ake. Musaope kuti musokoneza phwando limene agula kale chakudya. Malamulo awo omwe amati mwana wodwala adikire, ndipo ngati anadwala thupi lonse amadikiranso masiku 7 atachira. Zimenezi si zatsopano. Mu Talmud, mabuku akale a aphunzitsi awo, muli lamulo loti ngati ana aamuna a mayi mmodzi amwalira motsatizana chifukwa cha mdulidwe, wotsatira asadulidwe. Anthuwo anali atazindikira kale matenda a magazi osaundana amene amayenda m'mtundu kudzera kwa mayi.

Dzina la mwana musafunse. Makolo amalibisa mpaka pa mwambo, ndipo ngati mwalimva mwangozi akunong'onezana, likhale mumtima. Lachisanu loyamba madzulo kungabwere alendo kudzacheza pang'ono, amati shalom zachar. Imeneyo si bris.

Kukhitchini malamulo ndi omwe aja mumawadziwa: za mkaka pazokha, za nyama pazokha. Bris kawirikawiri imachitika m'mawa, choncho chakudya chake chimakhala cha mkaka ndi nsomba, monga bagel, salmon, herring ndi kichel. Tsiku limenelo khitchini imadzaza anthu osadziwa kabati, ndiye khalani tcheru kuti wina asatenge mpeni wa nyama n'kudulira tchizi. Mandasi amene mwakazinga kwanu, ngakhale ndi mtima wabwino, asalowe. Valani zaulemu, siketi yopitirira mawondo ndi bulauzi ya manja. Abambo amene mumasamala maluwa, mukaitanidwa kulowa, landirani kachipewa kamene akupatseni pakhomo, muvale. M'mabanja a Orthodox, otsatira kwambiri malamulo a chipembedzo, mwamuna sapereka dzanja kwa mkazi amene si wake, choncho musakhumudwe rabbi akangokugwedezerani mutu. Moni wa tsikulo ndi mazal tov. Ngati ndi pa Sabata, foni isaoneke, zithunzi ayi.

Funsani mohel kudakali nthawi kuti mwana ayamwe komaliza liti, chifukwa ena safuna kuti akhale atangokhuta kumene. Muvekeni zovala zotsegula mosavuta kumunsi, ndipo ikani pafupi matewera, Vaseline watsopano ndi kabulangete.

Mwambo wake umayenda chonchi. Mwana amachoka m'manja mwa mayi ake n'kupita kwa mayi wina wotchedwa kvatterin, iyeyo n'kupatsira mwamuna wake, kvatter, amene amalowa naye pamene pasonkhana anthu. Ulemu umenewu nthawi zambiri amaupereka kwa banja limene likulira mphatso ya mwana. Onse amaimirira n'kumulonjera mwanayo kuti baruch haba, kutanthauza kuti wodala amene akubwera. Pamenepo mudzaona mpando wabwino wopanda munthu. Ndi wa mneneri Eliya, amene amakhulupirira kuti amakhalapo pa bris iliyonse. Musakhalepo, ndipo musatsamiritsepo chikwama cha matewera. Mwana amamugoneka pampandopo pang'ono, kenako amamuika pa pilo pamiyendo ya sandek, amene kawirikawiri ndi agogo aamuna. Ameneyu ndiye wolandira ulemu waukulu kuposa onse, ndipo ntchito yake ndi kugwira miyendo ya mwana osanjenjemera.

Mohel amadalitsa, amalowetsa kachitsulo kotchinga mutu wa chiwalo kuti mpeni usaukhudze, n'kudula khungu lakunsonga. Bambo amadalitsanso, kuthokoza Mulungu amene analamula kuti mwana alowetsedwe m'pangano la Abrahamu, ndipo anthu amayankha kuti monga walowa m'pangano, adzalowenso mu Torah (malamulo a Mose), mu ukwati ndi mu ntchito zabwino. Kudulako n'kwa kanthawi kochepa, mwambo wonse sufika theka la ola. Mwana amalira, zimenezo ndisakunamizeni. Amamuyamwitsa kansalu koviikidwa mu vinyo wotsekemera kapena madzi a shuga, ndipo ena amayamba amupaka mankhwala ochititsa dzanzi. Kenako dzina limatchulidwa m'Chiheberi, uje mwana wa uje. Nthawi zambiri limakhala la wachibale amene anamwalira, n'chifukwa chake mudzaona agogo aakazi amene anapirira pa mpeni akugwetsa misozi pa dzina. Mayi wa mwana ambiri saonerera, amaima kumbuyo kapena m'chipinda china. Malo anu ndi pambali pake, ndi madzi akumwa m'manja.

Pali mbali imodzi imene Ayuda okhaokha amakangana, yotchedwa metzitzah, kuyamwa magazi pang'ono pabala. Ambiri lero amachita ndi kapaipi kagalasi kophikidwa bwino kapena ndi kansalu, koma magulu ena okhwimitsa kwambiri chipembedzo amachitabe ndi pakamwa penipeni. Ku New York, pakati pa 2000 ndi 2011, a zaumoyo anapeza makanda 11 amene anatenga kachilombo ka herpes, kamene kamayambitsa zilonda zapamlomo, pambuyo pa mdulidwe wotere, ndipo awiri anamwalira. Mzindawo unalamula mu 2012 kuti makolo azisaina kaye chikalata chovomereza, koma lamulolo linachotsedwa mu 2015. Apa ine sindizungulira: pakamwa pa munthu wamkulu pasayandikire bala la khanda. Kusankha ndi kwa makolo, osati kwa inu, koma mayi wachitsikana akakufunsani maganizo, muuzeni afunse mohel mwachindunji kuti amagwiritsa ntchito chiyani.

Tsopano za pakamwa panu. Pa chakudya wina adzakufunsani ngati kwanu kuli mdulidwe. Yankhani momasuka, za jando la Ayao, za Asilamu, za kuchipatala. Koma musathamangire kunena kuti n'chimodzimodzi. Ku jando mnyamata amapita atakula, amagona kundagala, amalangizidwa n'kutulukako ndi khalidwe latsopano. Khanda la masiku 8 silikulangizidwa kanthu, likungolandira chizindikiro cha pangano limene makolo ake alimo. Musanenenso kuti achita bwino pomuteteza ku HIV. N'zoona kuti kafukufuku wa ku Orange Farm, kumwera kwa Johannesburg konkuno, amene anatuluka mu 2005, pamodzi ndi wa ku Kisumu ku Kenya ndi wa ku Rakai ku Uganda, anasonyeza kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti chiopsezo choti mwamuna atenge kachilomboka kwa mkazi. N'chifukwa chake bungwe la WHO linaulimbikitsa mu 2007, ndipo kwathu tinayamba kumva za mdulidwe wa abambo pa wailesi. Koma Myuda sadula mwana chifukwa cha zimenezo. Akanadula ngakhale madokotala onse akanati mulibe phindu. Ndipo ife Akhristu, nkhani ya pa Machitidwe 15 yoti amitundu safunika kudulidwa tiisunge ya ku tchalitchi kwathu. Paja Yesu yemwe anadulidwa pa tsiku lachisanu ndi chitatu, Luka 2:21.

Mkangano wa kunja pa nkhani yodula ana ulipo ndithu, ndipo ndi bwino kuudziwa kuti mumvetse chifukwa chake nkhope zimasintha ukatchulidwa. Mu May 2012 khoti lina ku Cologne ku Germany linagamula kuti kudula mwana wamng'ono pa zifukwa za chipembedzo ndi kuvulaza thupi. Mlanduwo unali wa mnyamata wachisilamu wa zaka 4 amene anataya magazi atadulidwa ndi dokotala. Ayuda ndi Asilamu anadandaula pamodzi, ndipo mu December chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lololeza, bola zichitike mwaukatswiri. Ku Iceland mu 2018 kunabwera bilu yofuna kuti wodula mwana popanda chifukwa cha matenda azimangidwa mpaka zaka 6, koma sinadutse. Madokotala nawo sagwirizana. Bungwe lawo la ku Netherlands linanena mu 2010 kuti mchitidwewu ukuphwanya ufulu wa mwana pa thupi lake. La madokotala a ana ku America linanena mu 2012 kuti ubwino wake ukuposa zoopsa zake, ngakhale si wokwanira kuti ana onse azidulidwa. Kuno ku South Africa lamulo la ana la 2005 limaletsa kudula mnyamata wosakwana zaka 16, kupatula pa chipembedzo kapena matenda, choncho bris ndi yololedwa.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera: mwana sanavomere, akumva ululu, ndipo chochotsedwacho sichibwerera. Ayuda ena, ochepa, amaimva mfundoyi n'kuchita mwambo wa dzina wopanda mpeni, wotchedwa brit shalom. Koma ambiri, ngakhale amene sunagoge amangomudutsa, bris sailumpha. Mfumu Antiochus IV inaletsa mdulidwe cha m'ma 167 Yesu asanabadwe, ndipo buku la 1 Amakabeo limasimba za amayi amene anaphedwa chifukwa chodula ana awo. M'nthawi ya Hitler amuna ankawavula kuti awazindikire ngati ali Ayuda. Munthu amene agogo ake anadutsa m'zimenezo, akamva boma la ku Ulaya likukamba zoletsa, samva nkhani ya zaumoyo. Ine kuletsa sindigwirizana nako, chifukwa mwambo wotere sutha, umangobisala, ndipo mpeni ukabisala ana ndi amene amavulala. Amene timamva nkhani za ku Eastern Cape tikudziwa za anyamata amene amafa chaka ndi chaka m'misasa ya chinamwali, makamaka yosalembetsedwa. Chimene ndimafuna n'chakuti wodula akhale wophunzitsidwa, zida zikhale zoyera, ndipo ululu uchepetsedwe.

Alendo akabalalika m'pamene ntchito yanu imayamba. Mohel asanachoke, mufunseni pamaso pa mayi kuti bandeji ichotsedwe liti ndipo achotse ndani, ndipo nambala yake ilembedwe pa firiji. Sambani m'manja musanasinthe thewera. Pakani Vaseline wambiri pa kansalu kapena pa thewera kuti bala lisamatirire, ndipo thewera musalimange kwambiri. Tsukani ndi madzi ofunda okha, mowadontheza. Sipiriti, paudala, sopo wonunkhira ndi mankhwala akumudzi, zonsezi kutali. Mankhwala a ululu musapereke pokhapokha dokotala atanena mlingo wake. Pakapita masiku angapo pabala pamaoneka zachikasu zomatirira. Si mafinya, ndi mmene pamapolera, musazikande. Bala limapola pakati pa masiku 7 ndi 10.

Usiku woyamba yang'anani thewera pafupipafupi, ngakhale mwana akugona. Timadontho ta magazi si vuto. Koma magazi akafika kukula kwa ndalama ya R5, kapena akutulukabe, dinikizani pang'ono ndi kansalu koyera n'kudzutsa makolo kuti aimbire mohel kapena dokotala nthawi yomweyo, chifukwa khanda lili ndi magazi ochepa kwambiri. Chitaninso chimodzimodzi akatha maola 8 osakodza, thupi likatentha kufika 38, akakana bere, kufiira kukayamba kukwera pamimba, kapena mukaona timatuza pabala ndi pozungulira. Inunso ngati muli ndi chilonda chapamlomo, musamupsompsone mwanayo, ndipo uzani mayi ake kuti mlungu umenewo wina azimusintha. Pa Sabata musazengereze kugwira foni poopa kulakwira mwambo wa eni nyumba: malamulo awo amati moyo ukakhala pachiswe Sabata imapatuka, ndipo abwana omwewo adzaliza galimoto kupita kuchipatala.