Wodwala schizophrenia akati "moto pachifuwa", mumvereni

Abale anga amene mukusunga odwala matenda a maganizo, makamaka aja a schizophrenia omwe munthu amatha kumva mawu kapena kuona zinthu zomwe palibe, pali vuto limodzi timalinyalanyaza kwambiri, ndi chilungulira. Tsiku lina ndili ku mudzi wina cha ku Katete ndinapeza mnyamata atakhala pa mphasa wagwira pachifuwa, akuti kukuyaka moto ndipo madzi owawasa akubwerera kukhosi, amayi ake nkuti "aaa musamumvere alangizi, ndi mutu wakewo wayambanso". Sunali mutu ayi. Anali asidi wa mmimba amene amakwera kummero, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa munthuyo ananena zoona koma palibe anamukhulupirira.

Zimachitika chonchi, pomwe mmero umalowera mmimba pali kamnofu kamene kamatseka kuti zakudya zisabwerere. Mankhwala ena amene odwala athu amamwa monga chlorpromazine, clozapine ndi Artane uja amapatsidwa kuti thupi lisaume, amachedwetsa chakudya kuchoka mmimba komanso amafooketsa kamnofu kaja, ena amaumitsa malovu pomwe malovu ndi amene amatsuka asidi kummero. Olanzapine, mankhwala enanso a maganizo, amanenepetsa, mimba ikakula asidi amakankhidwira mmwamba. Onjezanipo fodya amene ambiri mwa iwo amasuta kwambiri, tiyi wambiri, ndiye poti mankhwala amagonetsa munthu amangodya nsima nkugwera pa mphasa pompo.

Koma chonde chonde musamusiyitse mankhwala ake a maganizo chifukwa cha chilungulira, matenda akabwerera muvutika kuposa apa.

Chakudya chamadzulo adye kukadali kowala, papite maola 3 asanagone, ngati mankhwala ausiku amamugwetsa tulo ndiye nsima ibwere msanga. Asamadye mbale yodzaza kamodzi, bola pang'ono pang'ono. Vitumbuwa, kapenta wosambira msaladi, tsabola, Coca-Cola ndi kachasu achepetse, kachasu yekhayo asiyiretu. Ikani njerwa kumiyendo ya bedi ya kumutu ikwere masentimita 15 mpaka 20, mapilo okha sathandiza kwenikweni, ndipo azigonera kumanzere. Brufen, diclofenac ndi aspirin zogula pa kantemba zimaonjezera moto.

Apa mumvetsetse bwino. Magnesium trisilicate wa chilungulira uja timamuthamangira amalepheretsa chlorpromazine kulowa bwino mthupi, ndiye musamupatse nthawi imodzi, pakhale maola 2 pakati. Omeprazole, wochepetsa asidi mmimba, amamwa mmawa asanadye, koma auzeni kaye a dokotala, makamaka ngati ali pa clozapine. Metoclopramide wa mseru uja ayi, akaphatikizana ndi mankhwala a maganizo khosi ndi nsagwada zimatha kuuma. Ndipo akafuna kusiya fodya, zabwino kwambiri, koma akuchipatala adziwe poti mphamvu ya clozapine ndi olanzapine imakwera mmagazi munthu akasiya kusuta.

Odwala ena sadandaula nkomwe, inu muziona nokha, kutsokomola usiku, mawu kusasa mmawa, kugeya pafupipafupi, kukana chakudya. Akayamba kutsamwa kapena kulephera kumeza, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati makala, kuonda, kaya ululu wa pachifuwa ukufika kumkono ndi thukuta, musadikire tsiku la riviyu, thamangani naye ku kiliniki yapafupi, ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Munyamule mapaketi onse a mankhwala ake, ndipo mukalowa kwa a dokotala mulekeni afotokoze yekha kaye, inu muonjezere pambuyo.