Mmene mungasanjire ma module a kosi yanu kuti ophunzira asamasochere

Kosi yoyamba yomwe ndinayika pa Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, ndinangoponyamo zonse malo amodzi, ma PDF, ma slide, linki ya vidiyo, kwizi, asayinimenti, zonse mbwee pa tsamba limodzi. Ine ndinkadziwa pomwe chilichonse chili popeza ndine ndinaziyika, koma ophunzira ankangonditumizira mauthenga mpaka usiku, funso lake limodzimodzi: "aphunzitsi, tiyambire pati?" Zinandikhudza kwambiri chifukwa anthuwa ankafunadi kuphunzira, chomwe chinkawatchinga ndi kasanjidwe kanga basi.

Ndiye musanatsegule n'komwe kompyuta, tengani pepala ndi bolopeni mulembe kaye kuti kosiyi igawika bwanji m'ma module, kutanthauza zigawo zake. Njira zake ndi ziwiri, mwina pa sabata pa sabata kapena potengera mitu. Ngati kalasi yonse ikuyendera limodzi ndipo pali masiku operekera ntchito, gawani pa sabata. Ngati aliyense akuphunzira pa liwiro lake, wina kuyamba lero wina mwezi wamawa, gawani pa mitu. Pa Moodle izi mumasankha mu ma settings a kosi pomwe palembedwa Course format, ndipo mukasankha za sabata imalemba yokha masiku kuchokera pa tsiku lomwe mwati kosi iyambe. Pa Canvas, pulogalamu ina yonga Moodle, mumangopanga ma module nokha n'kuwatcha maina, pomwe pa Google Classroom zimenezi ndi ma Topics omwe ali ku Classwork.

Maina ndi pomwe ambiri timachita ulesi. "Module 1", "Module 2", "Topic 3", maina oterewa sauza munthu kanthu, pofika nthawi ya mayeso wophunzira amatsegula iliyonse kusaka komwe kunali nkhani ija. Lembani nambala ndi mutu womwe, monga "Sabata 3: Kawerengedwe ka peresenti", dzina lalifupi loti lioneke lonse pa foni. Mafayilo nawonso chimodzimodzi, fayilo yotchedwa "notes final final 2" isinthireni dzina musanayikweze.

Tsopano mkati mwa module, apa ndiye pagona nkhani. Chomwe chinandithandiza ine n'kusankha dongosolo limodzi n'kulikakamira kuyambira module yoyamba mpaka yomaliza. Pamwamba penipeni ndimayika katsamba kakafupi, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, konena zomwe tiphunzire sabata imeneyo, zoyenera kuchita motsatana, nthawi yomwe zingatenge ndi tsiku lomaliza kupereka ntchito. Kenako zowerenga, kenako vidiyo ngati ilipo, ndiyeno poyeserera, kumapeto kwenikweni kwizi kapena asayinimenti. Wophunzira akazolowera pa sabata ziwiri zoyamba, safunsanso, chala chimangodziwa kokapeza asayinimenti. Zowerenga zongoonjezera, zija zoti wofuna awerenge, ziyikeni pansi padera ndipo mulembe kuti sizokakamiza, apo ayi munthu wakhama amathera Loweruka lonse pa zinthu zomwe simudzafunsa n'komwe, uku ntchito yeniyeni ili chikhalire.

Kuti maso apume gwiritsani ntchito timitu ting'onoting'ono, "Werengani", "Onerani", "Chitani". Pa Canvas ndi Text Header, pa Moodle ndi chija kale tinkati Label, pano amati Text and media area. Module ikafika pokhala ndi zinthu khumi ndi zisanu kapena kuposa, ndiye kuti ndi ma module awiri omwe mwawapanikiza pamodzi, igaweni.

China, kumbukirani kuti ambiri adzatsegula kosiyi pa foni. Notsi zazifupi zilembeni pa Page, tsamba la m'kosi momwemo, m'malo mokweza fayilo ya Word yomwe munthu ayenera kudawuniloda kaye kenako n'kuyamba kukulitsa ndi zala. Vidiyo yaitali iduleni zigawo, ndipo mulembe pambali kuti ndi ya mphindi zingati kuti munthu adziwiretu asanadine.

Zotsekera, zija zoletsa wophunzira kutsegula gawo nthawi yake isanakwane, ndi zabwino koma chenjerani nazo. Pa Moodle pali Activity completion, yomwe imachonga kuti wophunzira wamaliza chinthu, ndi Restrict access yomwe imatseka gawo mpaka tsiku lina lifike kapena mpaka wamaliza chakutichakuti. Pa Canvas ndi Requirements ndi Prerequisites. Zimathandiza pa maphunziro omwe chachiwiri sichingamveke usanamvetse choyamba, masamu mwachitsanzo. Koma ine zinandichitikira, ndinatseka module yachinayi kuti itseguke munthu akamaliza kwizi ya module yachitatu, kenako kwizi ija ndinaibisa kuti ndikonze funso lina, n'kuiwala kuibwezeretsa. Kalasi yonse inaima masiku awiri, aliyense akuganiza kuti vuto ndi netiweki yake. Kuchokera pamenepo ndimatseka pokhapokha pofunikadi, ndipo ndimalemba m'katsamba koyamba kaja kuti gawo lotsatira litseguka mukachita chiyani. Kutseka chilichonse kumapwetekanso wophunzira yemwe anadwala sabata imodzi ndipo akufuna kuthamangira kuti apeze anzake.

Pamene mukukonza, module ikhale yobisika. Mukamaliza musaiwale kuionetsa, ndipo pa Canvas onetsetsani kuti module yeniyeniyo ndi zinthu zili mkatimo zonse zili ndi chizindikiro chobiriwira cha Publish, chifukwa zimatheka tsamba kukhala lotseguka koma module yake isanatsegulidwe, ophunzira osaona kanthu. Kenako lowani ngati wophunzira, Student View pa Canvas, Switch role to pa Moodle, muyende kuyambira pamwamba mpaka pansi kudina linki iliyonse. Zotsekera zina sizioneka bwino mukangosintha role, ndiye ngati n'kotheka pemphani oyang'anira sisitimu akupatseni akaunti yoyesera, mutsegule pa foni yanu. Pamwamba pa zonse payenera kukhala gawo la "Yambirani apa", lokhala ndi ndondomeko ya kosi, kagawidwe ka malikisi ndi njira yokupezerani.

Teremu ikatha musayambirenso pachabe. Koperani kosi yakaleyo kudzera pa Import, koma chinthu choyamba kukonza ndi masiku, popeza amabwera ndi a chaka chatha ndipo kwizi imatha kuoneka yotseka kalasi isanayambe. Canvas imakufunsani pokopera ngati mukufuna kusuntha masiku, vomerani n'kuyika tsiku loyambira latsopano, pa Moodle zimenezi zimachitika pa Reset mukasintha tsiku loyambira kosi. Ngakhale zitero, tsegulani asayinimenti iliyonse muone nokha tsiku lake, ndipo masiku omwe munalemba ndi manja m'timasamba toyamba tija sasintha okha, amenewo muwakonze limodzilimodzi.