Mukufuna kuimba cover ya Led Zeppelin kapena AC/DC? Yambani mwaivula kaye nyimboyo

Pali chinthu chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira pomwe ndinayamba kugwira gitala, nyimbo za Beatles kapena za Bob Dylan aliyense amangozitola nkuziimba mmene akufunira, wa reggae, wa jazz, ngakhale kwaya, ndipo zimakomabe. Koma tayesani kusaka oimba otchuka amene anajambula nyimbo za Rush, Boston, Van Halen kapena Deep Purple nkuzitulutsa ngati zawo, mupeza ochepa zedi, pomwe magulu amenewa anagulitsa zimbale mamiliyoni. Sikuti anthu sazikonda ayi. Nkhani ndi yoti nyimbo zambiri za hard rock yakale sizikhala mu ma chord ndi mawu olembedwa, zimakhala mmanja mwa munthu amene anaziimba, pakhosi pake, nthawi zina mpaka mchipinda chomwe anajambulira. Ndiye ngati bandi yanu yaganiza zoyesa, nazi zomwe ine ndimachita ndisanavomere kuti tiyike nyimbo yotere pa pulogalamu.

Choyamba ivuleni. Tengani gitala ya bokosi, musalumikize ku ampu, khalani pakhonde muiyimbe nokha kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ikaima payokha, ndiye kuti pali nyimbo pansi pa phokosolo ndipo mutha kuiveka malaya ena. Sweet Child o' Mine ya Guns N' Roses imapambana mayeso amenewa, nchifukwa chake Sheryl Crow anaitenga mu 1999 nkuiyimba mwa iye yekha mpaka kupata nayo Grammy. Changes ya Black Sabbath ndi piyano ndi mawu makamaka, ndiye Charles Bradley ataisandutsa soul anthu ena ankangoyesa ndi yake. Koma vulani Eruption ya Van Halen ya mu 1978 muone, simutsala ndi kanthu, ndi zala za Eddie Van Halen zokhazokha kwa mphindi zosakwana ziwiri. Imeneyo mutha kuikopera ngati homuweki koma cover yanuyanu simungapange, palibe pogwira.

Ikadutsa pamenepo, yang'anani amene aziyimba mawu ndipo musamunamize chifukwa ndi mnzanu. Apa mpamene ma bandi ambiri amafera. Robert Plant wa Led Zeppelin, Ian Gillan wa Deep Purple, Geddy Lee wa Rush, Brad Delp wa Boston, Bon Scott ndi Brian Johnson a AC/DC, onsewa amaimbira mmwamba kumene mwamuna wamba safika, ndipo samangofika chabe, amafika ndi mphamvu. Child in Time ya Deep Purple, ya mu 1970, ndi yopitilira mphindi 10 ndipo pakati pake Gillan amakuwa mokwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba penipeni. Mwini wakeyo atakula anasiya kuiyimba pa ma show. Ndiye inu a Phiri amene mumaimba tenala ku tchalitchi mukufuna mutani nayo? Ambiri amati tingotsitsa kiyi basi, eya tsitsani, koma dziwani kuti riff ya gitala, kachigawo kaja kobwerezabwereza, kawirikawiri inamangidwa pa nsambo zosagwira, mukasuntha kiyi kulemera kuja kumathawa, zimangomveka ngati kanyimbo ka mu lifiti. Njira yabwinoko ndi kuchuna gitala yonse motsitsa, nsambo zonse 6 ndi theka la sitepe kapena sitepe yathunthu, kuti zala zizigwirabe malo omwewo. Kapena mupatseni mayi ayimbe. Ann Wilson wa Heart anaimba Stairway to Heaven ya Led Zeppelin mu 2012 pa mwambo wa Kennedy Center Honors ku Washington, eni ake atakhala pompo akuonera, ndipo Plant misozi inalengeza mmaso. Mawu a mayi amakhala mnyumba mwawo pamalo pomwe bambo akuchita kudzikoka.

Koma sikuti mayi aliyense wa mawu akulu ndiye zatheka ayi. Celine Dion ndi Anastacia anaimba You Shook Me All Night Long ya AC/DC ku Las Vegas mu 2002, manoti onse anawapeza bwinobwino, koma anthu a rock mpaka lero amaiseka. Nyimbo ija imafuna mawu okhala ngati munthu wagona ku bala masiku atatu, ukaiyimba mwaukhondo yatha.

Tsopano ng'oma, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndinapsa napo. Tsiku lina tinatenga Back in Black ya AC/DC kuti tikaiyimbe pamalo ena omwera, tinkaiona yophweka, ma chord atatu okha E, D ndi A, pulakatisi tinangopanga kawiri. Titayamba, mnyamata wathu wa ng'oma amene anazolowera kudzadza paliponse ndi ma roll anayamba kuthira zokometsera pa mpata uliwonse, wa besi naye akuthamanga, ine ndatsegula distortion, chodetsera kulira kwa gitala chija, mpaka kumapeto kuti zimveke zaukali. Zinangokhala phala. Bambo wina wachikulire amene anakhala pafupi ndi sipika anaika botolo lake pansi nkundiyang'ana, kenako anangopukusa mutu nkutembenuza mpando. Ndinapita kunyumba nkukaimvetseranso ndi ma headphone ndipo mpamene ndinamva chomwe tinaphonya, nyimbo ija theka lake ndi chete. Chord imagunda, kenako zii, kenako ina. Wa ng'oma wawo Phil Rudd amangomenya molunjika osawonjeza kanthu ngati akukhoma misomali, ndipo gitala ya Malcolm Young, ija ya Gretsch, ilibe distortion yambiri monga anthu amaganizira, ndi dzanja lamanja lolemera ndi ampu yokweza basi. Ndiye mukafuna AC/DC, bwezani gain, kabatani kowonjezera distortion pa ampu, mmbuyo mpaka theka, muuzeni wa ng'oma kuti ma roll awasiye kunyumba, ndipo pangani pulakatisi ya kusiya, osati ya kuimba. Dzanja lizigwira nsambo kuti zii uja akhale zii weniweni. Zimavuta kuposa solo, shuwa.

Led Zeppelin ndiye vuto lake ndi lina. Wa ng'oma wawo John Bonham atamwalira mu 1980 anzake atatu sanasake wina, anangothetsa gulu, ndipo atakumananso ku O2 Arena ku London mu 2007 amene anakhala pa ng'oma anali mwana wake Jason. Ngati eni ake anaona kuti munthu uja salowereka mmalo, inu muziyamba mwadziwa kuti simukamveka ngati iwo. Ng'oma za When the Levee Breaks anazijambulira mnyumba ina yakale yotchedwa Headley Grange ku England, ataziika pansi pa masitepe, ma maiki awiri atapachikidwa mmwamba, ndiye kulira kuja ndi kwa nyumbayo, simungakupeze pa kiyibodi kapena mu ka situdiyo kotchinga ndi matiresi. Mwa njira, nyimbo imeneyi nayo ndi cover, eni ake ndi Memphis Minnie ndi Kansas Joe McCoy amene anaijambula mu 1929, a Zeppelin anangoitenga nkuisintha mpaka osazindikirika. Chisungeni chimenecho, tibwererako.

Musanayambe kuloweza, werengani kagundidwe. Kashmir ya Led Zeppelin, ya mu 1975, gitala imayenda mowerenga zitatu pomwe ng'oma zikuyenda zinayi, zimakakumana pa 12. Amene munakulira pafupi ndi ng'oma za kumudzi izi sizachilendo kwenikweni, thupi limadziwa kale, bola musayambe kumvetsera mnzanu mpaka kumutsatira. Tom Sawyer ya Rush ili ndi chigawo cha 7/8, chowerenga zisanu ndi ziwiri, ndipo wa ng'oma wawo Neil Peart ankalemba mbali yake ya ng'oma ngati mmene ena amalembera mawu, mafani ake amadziwa roll iliyonse pamtima moti mukadumpha imodzi akuonani. Njira yake ndi yotopetsa koma ilibe chidule, zimitsani zida zonse, imani mozungulira muziomba mmanja aliyense mbali yake mpaka mutasiya kusokonezana, kenako ndiye mugwire zida.

Fufuzaninso kachunidwe ka gitala musanataye sabata yonse mukulimbana ndi zala. Kashmir yomweyo wa gitala wawo Jimmy Page anaichuna D A D G A D, pa kachunidwe wamba imatheka koma imamveka yowuma. Tony Iommi wa Black Sabbath anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a mu fakitale ku Birmingham ali ndi zaka 17, anadzipangira tizivindikiro ta pulasitiki tovala kuzala, ndipo pofika pa chimbale cha Master of Reality mu 1971 anatsitsa nsambo mpaka C sharp kuti zifewe. Mdima uja umachokera pamenepo. Ngakhale ka riff ka Smoke on the Water ya Deep Purple kamene mwana aliyense amayambira, ambiri amakaimba molakwika, Ritchie Blackmore ankakoka nsambo ziwiri pamodzi ndi zala osati kukwapula ma power chord ndi pick, ndipo pambali pake pali kiyibodi ya Hammond ya Jon Lord yodutsa mu ampu ya Marshall. Opanda wa kiyibodi wodziwa kudetsa sound yake, Deep Purple ingoisiyani.

Mukaona zonsezi ndiye musankhe msewu umodzi, kukopera ndendende kapena kuigwetsa nkuimanganso. Kukopera ndi ntchito ya ma tribute band, amavala mpaka kabudula wa sukulu ngati Angus Young wa AC/DC, ndipo kumafuna zida ndi miyezi. Ine ndimati gwetsani, monga a Zeppelin anachitira ndi When the Levee Breaks ija. Ma cover a hard rock amene anthu amawakumbukira pafupifupi onse anathawa kutali ndi eni ake. Run-DMC anatenga Walk This Way ya Aerosmith mu 1986 nkuipanga rap. The Cardigans a ku Sweden anaimba Iron Man ya Black Sabbath mofewa ngati nyimbo yogonekera mwana. Hayseed Dixie anatulutsa chimbale chonse cha nyimbo za AC/DC pa banjo mu 2001, Dolly Parton naye anaitengera Stairway ku bluegrass mu 2002. Palibe mwa amenewa anayesa kupikisana ndi Plant kapena Ozzy Osbourne wa Black Sabbath pa bwalo lawo. Choopsa ndi kukhala pakati, kusintha pang'ono chabe chifukwa penapo pakukanikani, omvera amadziwa kuti apa mwathawa solo.

Anzathu a ku Zambia anazitulukira kalekale izi. Mzaka za mma 1970 magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ankamvera Deep Purple, Black Sabbath ndi Jimi Hendrix, koma mmalo mokhalira kukopera anatenga fuzz, kulira kodetsedwa kwa gitala kuja, nkuithira pa kagundidwe kakwawo, Paul Ngozi nkumaimba zina mu Chinyanja, ndipo nyimbo zawozo, zotchedwa Zamrock, lero zikusakidwa ndi anthu a ku Ulaya ndi America. Ndiye ngati muli ndi riff ya Sabbath imene imakusowetsani tulo, yesani kuikhazika pa manganje kapena pa reggae, muichedwetse, besi itsogole, muone ngati ikupuma. Sabbath imalola zimenezi kuposa anzawo onse chifukwa ma riff a Iommi ndi oti utha kuwaimba ndi pakamwa, nchifukwa chake iwo ma cover ali nawo ambiri pomwe Rush ili gwa.

Kanthu kena kachidule, musathamangire nyimbo imene aliyense amaidziwa mpaka kupuma kwa woimba. Tengani ya mkati mwa chimbale imene siinkaseweredwa pa wailesi, omvera sakhala ndi choyerekeza mmutu ndipo mumakhala ndi ufulu.

Za chilolezo, kuimba pa show ndi nkhani ina, kujambula nkuika pa Spotify kapena kupangira vidiyo ndi nkhani inanso, eni nyimbo amayenera kulandira zawo ndipo pa YouTube makina amaigwira okha nkutumiza ndalama kwa eni, nthawi zina nkuitseka kumene. Amene muli ku Malawi yambani mwafunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, musanalipire situdiyo.

Pomaliza jambulani pulakatisi yanu pa foni, muiyike patali pang'ono ndi ng'oma, musaimvere tsiku lomwelo pamene magazi akadali otentha. Mawa lake mmawa muimvere muli nokha, kenako mumvere ya eni ake, kenako yanunso. Ife Back in Black tinaichotsa pa pulogalamu titachita zimenezi, mmalo mwake tinaika Paranoid ya Black Sabbath yochedwetsa, wa besi akuyamba yekha, ndipo wa ng'oma uja tinamulola roll imodzi yokha isanalowe kolasi yomaliza yomwe tinadzipangira tokha.