Chambiko ndi thobwa kwa odwala zilonda za m'matumbo aakulu

Kuno ku Mangochi munthu akaona magazi kuchimbudzi timathamangira kunena kuti ndi kamwazi. Nthawi zina n'zoona. Nthawi zina ndi likodzo la m'matumbo, makamaka kwa amene timasamba ndi kuchapa m'nyanja. Koma alipo ena, ochepa, amene vutoli limawasiya n'kubweranso kwa zaka: m'mimba kupota, chimbudzi cha magazi ndi chonanda, kuthamangira kunja kangapo usiku umodzi, thupi n'kumatha. Madokotala amati ulcerative colitis. Chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi matumbo aakulu a mwini wake, khungu la m'kati n'kutupa ndi kuchita zilonda.

M'matumbomo mumakhala mabakiteriya abwino ankhaninkhani. Amalanda malo a tizilombo toipa, amalimbitsa khungu lija, ndipo ena akagaya zotsalira za nyemba, nandolo kapena mgaiwa amatulutsa butyrate, chakudya cha maselo a matumbo aakulu chimene chimachepetsanso kutupa. Mabakiteriya amoyo amene munthu amamwa dala kuti athandize thupi ndiwo maprobayotiki. Wina wotchuka ndi E. coli Nissle 1917, amene dokotala wa ku Germany, Alfred Nissle, anamupeza mwa msilikali yemwe sanatsekule m'mimba anzake akudwala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Atamuyesa, anapezeka kuti amatchinga ulcerative colitis kubwerera pafupifupi ngati mesalazine, mankhwala amene madokotala amapereka pa matendawa.

Pamenepa ndimapempha kuti timvetsetsane, chifukwa ndaona anthu akusiya mapilitsi atangomva nkhani ngati iyi. Chambiko, yogati ndi thobwa logona zili ndi mabakiteriya owawasitsa, a gulu la Lactobacillus ndi anzake, koma si Nissle uja. Ndi chakudya chothandizira, osati mankhwala. Mukaona magazi, yambani mwapita kuchipatala akapime chimbudzi. Ngati ndi likodzo, mankhwala ake ndi praziquantel. Chambiko sichingaphe nyongolotsizo ngakhale mutamwa chidebe.

Adokotala akatsimikiza kuti ndi colitis, pitirizani mankhwala, chambikocho muwonjezere pang'onopang'ono. Yambani ndi theka la kapu patsiku, mumvere m'mimba masiku atatu. Mukamva kudzadza kapena kutsekula kukakula, lekani. Mkaka wopangira chambiko kunyumba uyambe wawiritsidwa, koma chikawawasa musachiikenso pamoto, mabakiteriyawo amafa. Thobwanso chimodzimodzi. Ndi kutentha kwathu kwa mu Okutobala kuno, chimene chasowa firiji musachigoneke masiku; ndipo thobwa la m'botolo lotoledwa, lomwe simukudziwa madzi ake, lisiyeni pamsika pomwepo.

Masiku amene magazi akutuluka kwambiri chepetsani nyemba ndi masamba olimba, mudye phala losalala, nthochi yakupsa ndi nsomba yowiritsa, mukumwa Thanzi. Zikadekha, bwezerani zakudya zija chimodzichimodzi. Amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, kapena akulandira mankhwala a khansa, asagule makapusozi a maprobayotiki kufamase asanafunse adokotala awo.