Kuphunzitsa manambala a binary popanda kompyuta

Mphunzitsi amene akufuna kuphunzitsa binary (njira yolembera manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi) pasukulu yopanda kompyuta kapena magetsi angagwiritse ntchito makadi a madontho. Musanayambe, dulani makadi asanu pa katoni ndipo mujambule madontho 1, 2, 4, 8 ndi 16 mbali imodzi yokha ya khadi lililonse.

1. Itanani ophunzira asanu kutsogolo ndipo aliyense mumupatse khadi limodzi.
2. Aimikeni kuti anzawo aone 16 kumanzere, kenako 8, 4, 2, ndipo 1 kumanja. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa ophunzira anazolowera kuyamba ndi 1 kumanzere, ndipo akatero mayankho amatembenuka. Onetsetsani mzerewo mutaima kumbuyo kwa kalasi.
3. Fotokozani kuti khadi loonetsa madontho likuimira 1, pamene lotembenuzidwa likuimira 0.
4. Tchulani nambala ngati 13, ndipo muyambire pa khadi lalikulu: 16 yaposa 13, choncho litembenuzidwe, pamodzi ndi la 2, kuti patsale 8, 4 ndi 1, omwe akaphatikizidwa amapanga 13. Lembani 01101 pa bolodi.
5. Awerengetseni kuyambira 0 mpaka 31, kenako muwafunse madontho oyenera kukhala pa khadi lotsatira, omwe ndi 32.